Ndime Yachitatu

Mayi wa ku ofesi ya boma anafika Lachiwiri m'mawa atapanira mapepala m'khwapa. Anapeza wosula zitsulo akukoleza moto m'chipala chake. Mkazi wa wosulayo anali pakhomo, akusoka kolala wa yunifolomu ya kwaya.

"Bambo, tamva kuti mipeni yanu ya makina odulira udzu wa ng'ombe sibenthuka," anatero mlendoyo. "Boma likufuna kuti dziko lizidyera nzeru, osati thukuta lokha. Tikulemba luso la anthu ngati inu, kenaka mudzalandira satifiketi yoti njirayi ndi yanu."

"Ndi yanga kale. Mukailemba ipita kuti?"

"Mu kompyuta."

"Kompyutayo amatsegula ndani?"

Mlendoyo anaseka. Wosula sanaseke. Anangoyang'ana nsapato za mayiyo, zopanda ndi fumbi lomwe.

"Abambo, Mulungu sanakupatseni mphatsoyi kuti muikwirire pansi," anatero mkazi wake. "Muonetseni mwana wa eni ake."

Chinsinsi chake chinali chaching'ono. Ankasula mpeni kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, n'kuuviika m'oyilo uli psuu, kenaka n'kuugoneka pa makala. Wotchi analibe. Ankayimba nyimbo ya m'tchalitchi ndime ziwiri, mwa liwiro la mpingo, n'kuchotsa mpeniwo. Ukapitirira pamenepo unkafewa.

Tsiku limenelo anayimba ndime zitatu. Mlendo anawerenga mphindi pa foni, analemba, natenga mpeniwo n'kutsanzika.

"Abambo," anatero mkazi wake galimoto itachoka, "ndime yachitatuyi mwaiyamba liti?"

"Ndimatamanda Ambuye. Kapena zaletsedwa?"

"Mwanamiza munthu ndi nyimbo ya Mulungu, inu mkulu wa mpingo!"

"Ngati abwera kudzaba, akabe mpeni wofewa ngati sopo."

"Nanga satifiketiyo idzanena chiyani? Idzati mwini wa ndime zitatu ndinu. Wina akadzatulukira ziwirizo n'kukalembetsa, wakuba mudzakhala inu, m'chipala chanu chomwechi."

Wosula anabwerera m'chipala. Anamenya chitsulo chimene chinali chitazizira kale. Lamulungu lotsatira mpingo unayimba nyimbo yomweyo, ndipo itafika ndime yachitatu iye analeka kuyimba.

Patapita milungu iwiri mayi uja anabweranso ndi pepala loti asaine. Pansi pake panali mawu akuti wosainayo akulumbira kuti zonse zolembedwazo n'zoona. Wosula anawerenga mzerewo kawiri, chala chikutsata zilembo. Akasaina, alumbira bodza. Akakonza, nzeru imene yadyetsa nyumba yake zaka makumi atatu ilowa m'bokosi limene sakudziwa wolitsegula.

Anaika cholembera pansi.

"Mayi, fufutani apa. Ndi ndime ziwiri. Yachitatu ija ndinakunamizani."

"Ndinaona kuti pali china," anatero mlendoyo, osakwiya. "Mpeni uja titauyesa unapindika ngati supuni."

"Munauyesa ndi ndani?"

"Ndi anzanga a ku labu."

"Anzanuwo ndi angati?"

"Abambo!" anatero mkazi wake.

"Ndikungofunsa, amayi. Ndi angati?"

"Anayi, bambo. Onse analumbira kusunga chinsinsi."

"Kulumbira n'kosavuta. Inenso pang'onong'ono n'kadalumbira pompano."

Wosula anayimbanso ndime ziwiri, mayiyo akuwerenga mphindi. Mayiyo atakonza pepalalo, wosula anasaina pang'onopang'ono, dzina lake lonse. Kenaka anatola khala lozizira n'kumupatsa mlendoyo.

"Lembani pakhomapa dzina lanu, mayina a anzanu anayiwo, ndi nambala zanu. Ndizikupemphererani m'mawa uliwonse."

"Zikomo, bambo. Mwatikonda."

"Ndiponso ndikadzaona mpeni wanga pamsika, ndidziwe poyambira. Lembani zilembo zazikulu, mwana wanga, maso anga anatha."