Madiresi pa Nyumba Yopanda Munthu

A Merv Tuckwell atapuma pa ntchito yoyendetsa basi, anagula kanyumba kakale kumapeto kwa msewu wa Banksia, n'kuuza akazi awo a Glenys kuti akakonza miyezi yochepa chabe kenako aikamo alendi. Chilimwe chinabwera n'kupita, china n'kupitanso, chachitatu chinawapeza akadali pa makwerero. Sikuti anali aulesi ayi. Vuto linali lakuti akamaliza khoma ankaliyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kuligumulanso. Kunena zoona, m'nyumbamo mkuluyu anapezamo mtendere: wailesi ikuulutsa masewero a kiriketi tsiku lonse, ketulo ili pa chitini cha penti, popanda wowauza kuti avule nsapato pakhomo. Ankachoka m'mawa atanyamula masangweji, madzulo n'kubwera ali mbuu ndi fumbi, atatopa moti ngakhale kufunsa mkazi kuti waswera bwanji kunkawalemera.

Ndiye khonsolo inatopa ndi nyumba zongokhala pamene anthu ena akugona m'magalimoto posowa pochita lendi. Inalamula kuti nyumba yopanda munthu izilipira msonkho wowonjezera. Yomwe ikukonzedwa inkapatsidwa nthawi, koma nthawi ya a Merv inali itatha kalekale.

"Msonkho umenewo ukangobwera, nyumba ija tikugulitsa," anatero a Glenys akupaka batala pa buledi, osakweza n'komwe mawu. "Penshoni yathu isathere pa nyumba yopanda chimbudzi."

"Chimbudzi chilipo."

"Chili pakhonde, Merv. M'katoni."

A Merv mtima unawawawa. Kugulitsa nyumba ija kunali ngati kuwalanda mpando atakhalapo kale. Loweruka anapita ku sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo ali pamzere wogula soseji panja anamva madoda anzawo akukambirana za msonkho womwewo. Wina anati a khonsolo salowa m'nyumba chisawawa, amayamba ndi kuona kunja: ngati bini ya zinyalala imatulutsidwa, ngati mita ya madzi ikuyenda, ngati pachingwe pamayanikidwa zovala. A Merv anamaliza soseji yawo akumwetulira okha.

Kuyambira tsiku limenelo anasanduka mwamuna wachitsanzo. Chikwatirane chawo, a Glenys anali asanawaonepo akutaya zinyalala osatumidwa, koma tsopano ankachita kudikirira kuti nthochi ithe kudyedwa alande khoko. Matumba a zinyalalazo ankawaponya kumbuyo kwa pikapu, n'kukawathira mu bini ya ku Banksia. Madzi ankatsegulira pa mtengo wa mandimu mpaka mtengowo unayamba kuyoyola masamba chifukwa chokhuta.

Zovala ndiye zinavuta. Maovolosi okha pachingwe akanangoulula kuti panyumbapo pamabwera mmisiri. Choncho a Merv anatsegula kabati ya akazi awo n'kusolola madiresi a kumbuyo kwenikweni, aja amene ankaganiza kuti mwini wake anawaiwala. Anawonjezerapo malaya ogonera ndi tina tamkati tosatchulika. M'mawa uliwonse ankazinyowetsa pampope, kuziyanika, n'kuima potero akugoma ndi nzeru zawo. Mnansi wa kuseri kwa mpanda, mayi Stavroula, ankasuzumira uku akuthirira matimati awo, ndipo a Merv ankangowabayibitsa mwaulemu.

Wa khonsolo anabwera m'mawa wina dzuwa likuswa mtengo. Anali mtsikana wooneka wofatsa, anati dzina lake ndi Shanthi, ndipo anali ndi maso aja oti bodza lako umalimva wekha likuwola m'kamwa.

"Bambo, m'nyumba muno mumakhala ndani?"

"Akazi anga," anayankha a Merv akuloza pachingwe. "Si izo, achapa kumene."

"Amakonda kuchapa eti? Diresi lobiriwiralo ndaliona pamenepo maulendo onse amene ndadutsa pano."

"Ndi aukhondo kwambiri."

"Nanga akafuna kudzithandiza amapita kuti?" anafunsa mtsikanayo akuyang'ana katoni ya pakhonde ija.

Nthawi yomweyo galimoto inaima pageti mwaukali, chitseko n'kumenyetsedwa. Anatulukamo a Glenys, ambulera ili m'manja ngakhale kumwamba kunalibe kamtambo.

"Ali kuti?" anakuwa ali pageti pomwepo. "Ndakumana ndi Stavroula kogula mankhwala, wandiuza zonse. Akuti mwaika mkazi muno! Akuti ndi wonenepa, wachikalekale, madiresi ake ngati makatani a m'chipatala. Mtulutseni ndimuone!"

Kuseri kwa mpanda mutu wa mayi Stavroula unatsika pang'onopang'ono mpaka kusowa m'matimati.

A Glenys anazungulira nyumba n'kufika pachingwe. Pamenepo anaima. Mphepo inkazunguza chingwecho, poti chinali chomangidwa pa choyanikira chozungulira, ndipo zovala zinkadutsa pamaso pawo chimodzichimodzi: la maluwa, la mizeremizere, malaya ogonera, tamkati tija, kenako lobiriwira. Ambulera inatsika. A Merv anaona msewu wa Banksia wonse ukuwathawa, ndi wailesi yomwe, ndi ketulo yomwe.

"Pepani mayi," anatero Shanthi, "ndine wa ku khonsolo. Zovalazi ndi zanu?"

"Makataniwa? Ndi anga."

"Ndiye kuti mumakhala muno?"

A Glenys anatembenuka n'kulunjika pakhomo. Analowa m'nyumba, kamene kanali koyamba chigulireni. Anaona khitchini yowala bwino, mawindo aakulu oyang'ana ku mandimu, matabwa a pansi osalala ngati mbale. Anaonanso mpando umodzi ndi kapu imodzi. Atatuluka anamuyang'ana mtsikanayo m'maso.

"Ndimakhala muno."

"Dziwani kuti tizibwera osanena, kudzaona ngati zili choncho."

"Uzibwera mwanangu, uzindipeza. Tiyi umamwa wa mkaka?"

Galimoto ya khonsolo itangokhota, a Merv anatsala pang'ono kuvina. "Glenys, mwandiombola! Sindinkadziwa kuti bodza mumalitha chonchi."

"Bodza lake liti? Ine boma sindilinamiza. Pitani mukatenge matiresi, makina anga osokera ndi mphaka. Chimbudzicho chikhale chikugwira ntchito dzuwa lisanalowe."

"Nanga ine?"

"Inu mukakhale kunyumba kwathu kuja, ingakhale yopanda munthu n'kutilipiritsa msonkho. Ine ndailondera ndekha zaka zitatu. Yakwana nthawi yanu." Anayanula diresi lobiriwira lija n'kulikung'untha. "Ili mukulikumbuka?"

A Merv analiyang'anitsitsa. "Si lija la kumaliro a azakhali anu?"

"Ndinavala paphwando lanu lopuma ntchito. Tsiku lomwe munaimirira pagulu n'kunena kuti tsopano nthawi yanu yonse ndi ya Glenys."

Chimbudzi chimene chinakhala m'katoni zaka zonsezo chinalumikizidwa masana omwewo, ndipo sichinadonthe ngakhale pang'ono. Nyumba inapulumuka. A Merv anabwerera kwawo ali opambana, koma chimwemwe chake sichinkamveka kukoma.

Masiku oyamba anadzilimbitsa mtima. Ankalowa ndi nsapato mpaka kuchipinda, kudya atagona pampando, kukweza wailesi mmene akufunira. Koma wailesi yokweza popanda woti akuuze kuti uchepetse imangosokosa. Anayamba kumva zinthu zimene anali asanazimvepo m'nyumba mwawo: wotchi ya pakhoma, firiji ikung'ung'udza, geti la aneba likutsekedwa. Atapita ku Banksia ndi nyundo yawo, a Glenys anawabweza pakhonde, amvekere amisiri amabwera akaitanidwa, ndipo khoma limene akufuna kugumulalo lilibe vuto lililonse. Kudzera pawindo anaona makatani enieni atapachikidwa, mphaka atagona pampando wawo uja.

Litafika tsiku lotulutsa zinyalala, anakoka bini ya kwawo kupita nayo kumsewu, ndipo inapepuka moti inatsala pang'ono kuwagwetsa chagada. Anatsegula. Munali kapepala kokulungira chitumbuwa cha nyama ndi timatumba tingapo ta tiyi, basi. Anaima pamenepo chivundikiro chili m'manja. Iwo amene anaphunzira bwino mmene nyumba yopanda munthu imaonekera, anaiona tsopano pakhomo pawo. Anakumbukira a Glenys akudya okha patebulo lija zaka zitatu, kudikira munthu wobwera ndi fumbi wosafunsa n'komwe kuti mwaswera bwanji. Anachita manyazi, ndipo anawasowa akazi awo koopsa.

Nyundo anaisiya. Anatenga pilo ndi mswachi, n'kuyenda wapansi mpaka ku Banksia.

Anapeza a Glenys ali pakhonde atavala diresi lobiriwira lija, akumwa tiyi ndi mayi Stavroula, amene tsopano ankalumbira kuti diresi lokongola chotero sanalionepo. Ataona pilo, mayi Stavroula anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya mpope osatseka.

"Amisiri sitinawaitane," anatero a Glenys.

"Sindinabwerere ntchito."

"Nanga nyumba ija mwasiyira ndani? Akulipiritsani msonkho."

"Tiikamo alendi. Kuli anthu akugona m'magalimoto." A Merv anafinya pilo uja pachifuwa, n'kutsokomola. "Mwaswera bwanji, Glenys?"

A Glenys anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anadzuka n'kukankha chitseko.

"Vulani nsapato."

A Merv anawerama pakhomo pa nyumba yawo ya mtendere ija, n'kuyamba kumasula zingwe.