Anati Wapita Kutchuthi

Amene anapha mwamuna wanga ndi abwana ake, eni malo otengera alendo pansi pa nyanja. Ndipo atamupha anayamba kunama kuti ali moyo.

Lamulo la ntchito imeneyi aliyense amalidziwa: pansi pamadzi salowa munthu mmodzi, amalowa awiriawiri. Tsiku limenelo nangula wa boti anakodwa m'miyala ya korali. Alendo anali ndi njala. Abwana anauza bambo a kunyumba kuti, "Tatsika msanga ukamumasule, ndi pafupi pompa." Anabereka botolo la mpweya, n'kutsika yekha. Chingwe chinamukulunga mwendo. Anamuvuula mawa lake.

Ine ndimagwira ntchito pomwepo, kutsukuluza zovala zosambira ndi magalasi m'beseni kuti mchere uchoke. Maliro atatha abwana anandiitanira kuseri kwa mabotolo. "Mayi, alendo akamva za imfa amathawa. Akafunsa, muziti ali kutchuthi." Chithunzi cha mwamuna wanga anachisiya pakhomo, akusambira pambali pa kamba wam'nyanja, chala chili m'mwamba.

Ndinakhala chete, poti ana amadya.

Dzana kunabwera mayi wina wa imvi, amene amabwera chaka chilichonse. Mwamuna wanga ndiye ankamugwira dzanja pansipo, kumuonetsa mkunga wobisala m'phanga ndi tinsomba tachikasu tomwe timayenda chigulu ngati ana asukulu. Mayiyo anafunsa, "Mphunzitsi wanga ali kuti? Popanda iye sindilowa."

"Ali kutchuthi," anatero abwana, akuseka. "Mukuudziwa ulesi wake."

Ulesi. Munthu woti ankadzuka nkhuku zisanatsike kukadzaza mabotolo awo.

Ndinaika magalasi pansi, manja akudontha madzi. "Tchuthi chake n'cha kumanda, mayi. Anamutumiza yekha awa, kukamasula nangula."

"Iwe, tseka pakamwa," anatero abwana.

"Ndatseka kokwana, achimwene."

Mayiyo anavula zipsepse zosambirira za kumapazi, n'kuzisanjika patebulo bwinobwino, n'kutuluka. Alendo ena anayang'anizana, koma boti litalira anakwera. Anabwerako akusimba za kamba. Madzulo abwana anandiuza kuti beseni apeza wina wotsuka.

Tsopano inu amene mumalowa m'madzi amenewo, amene munamva zonse n'kukwerabe boti lija, ndikufunsani. Pansipo munaona chiyani chokongola choposa munthu? Musandiuze za nsomba. Ndiyankheni.