Zitini Zozondoka

M'golosale ya alamu awo, Achemwali ndiwo ankasanja katundu pamashelefu. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, ndipo linawakhala mpaka lenileni linaiwalika. Zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchitoyi, chitini chilichonse ankachidziwa tsiku limene chinalowa ndi limene chidzathe mphamvu.

Alamuwo, mwamuna wa mng'ono wawo, anali munthu woumira koopsa. Katundu akapitirira masiku, iwo sankataya ayi. Ankatenga kapepala ka mtengo n'kukamata pamwamba penipeni pa deti, kenako n'kusisita ndi chala.

"Chitini chilibe kalendala, mlamu," ankatero akuseka. "Chidziwa bwanji kuti lero ndi lachingati?"

Achemwali anadandaula kawiri. Kachitatu anauzidwa kuti ofuna ntchito ndi ambiri kunjaku. Ana atatu kunyumba, bambo awo kulibe, ndiye anatseka pakamwa. Koma manja sanawatseke. Chilichonse chopitirira masiku, kaya nsomba za m'chitini, jamu kapena mkaka wa ana, ankachiika chozondoka, mutu pansi. Anatsina khutu mayi mmodzi yekha, ndipo mukudziwa mmene nkhani imayendera: sabata isanathe, aliyense wogula pamenepo ankadziwa kuti chozondoka sagwira. Achemwali ankanyadira nzeru imeneyi, osanama.

Lolemba lina m'mawa anapeza alamu atafika kale, thukuta lili kamukamu. Zitini zonse zinali zitaima chilili, zabwino ndi zoipa pamodzi.

"Mumayesa ndine wakhungu eti?" anatero alamuwo. "Muzondotsenso chimodzi chokha, epuloni yanga muisiye pakauntala."

Achemwali anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta fumbi.

Cha m'ma teni kunalowa mayi wina wachitsikana, kasitomala wa masiku onse, khanda lili kumbuyo. Analunjika pa shelefu ya mkaka wa ana. Anatenga chitini, anaona kuti chaima bwino, anachiponya m'basiketi. Kenako anatembenukira kwa Achemwali n'kumwetulira, kumwetulira kothokoza.

Mtima wa Achemwali unawawa. Mayiyo sanayang'ane n'komwe deti, chifukwa iwo ndiwo anamuphunzitsa kuti choima chilibe vuto. Nzeru yawo yomwe ija ndiyo inkapita kukamwetsa mwana zoipa.

"Mayi a mwana, tabweretsani chitinicho," anatero Achemwali.

Anachilandira, anakanda kapepala ka mtengo ndi chikhadabo mpaka deti linaonekera, n'kuliwerenga mokweza kuti ndi a pamzere omwe amve.

"Uwu unatha mphamvu miyezi isanu yapitayo. Musam'patse mwana."

Alamu anatuluka kuseri kwa kauntala, akuyesa kuseka.

"Aa, mlamu, zoti tikanakambirana kuseri izi," anatero motsitsa mawu. "Mwaiwala kuti ndimadyetsa mng'ono wanu? Chibale ndi fupa, sichiwola."

"Chibale sichiwola, alamu, koma mkaka umawola," anayankha Achemwali.

Bambo wina pamzere anaphulika nako kuseka. Alamu nkhope inagwa.

"Epuloni," anatero, dzanja lili tambasu.

Achemwali anaimasula osafulumira. Anaipinda bwinobwino monga ankachitira madzulo aliwonse, n'kuiika pakauntala. Mantha anali nawo, tisaname, pakuti mawa ana adzafuna kudya, ndipo mng'ono wawo mwina sadzawalankhula mpaka chaka. Komabe anatenga chikwama chawo pamsomali n'kulunjika kukhomo.

Mayi uja anawatsatira, basiketi ili m'manja.

"Nanga Achemwali, mukapita ife tizidziwa bwanji?"

"Zikhadabo muli nazo, mwana wanga. Kandani."

Asanafike pamsewu anamva kumbuyo kwawo kaphokoso, kwe kwe kwe, shelefu ndi shelefu, ndi mawu a alamu akukuwa kuti anthu asiye kuononga mitengo ya katundu.