Mwana wa m'mabulaketi

Kompyuta ya bungwe lothandiza othawa nkhondo inkakhala m'kachipinda ka kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mosungira matumba, ndipo Levison ankaswera nayo tsiku lonse ngati mkazi wake, poti mkazi weniweniyo anali ku Zomba ndipo makalata ake anali atayamba kubwera patalipatali. Munali mu Julayi, chaka cha 1994. Anzake onse ankalawirira kumalire kukakweza othawa nkhondo m'malole obwerera kwawo ku Mozambiki. Iye ankatsala ndi mayina, ndi chisanu cholowera kunsi kwa chitseko.

Mayina akenso, abale! Alembi a ku Lobi ndi ku Mayani ankataipa banja lonse la othawa nkhondo pamzere umodzi: mwini banja, kenako ana m'mabulaketi. Koma aliyense ankalemba momwe mutu wake wamuuzira. Wina ankaiwala kutseka bulaketi, wina ankatsekula ina m'kati mwa inzake n'kuthiramo zoti uje ali ndi mphere, uje wakana katemera. Levison analemba kapulogalamu kotola mayina a ana m'chipwirikiti chimenechi, ndipo pofuna kuchepetsa ntchito anakalamula kuti chilichonse cha m'mabulaketi am'kati kazitaya. Iye ankati imeneyo ndi miseche ya alembi basi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamuchezera. Lachisanu lililonse pabenchi ya pakhonde pankakhala mayi Esitere, ochokera ku Angonia, amene anasiyana ndi mwana wawo wamkazi usiku wothawa, zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Mwanayo dzina lake linali Alile, wa zaka zitatu panthawiyo, wa chipsera cha moto padzanja lamanzere. Mayiwa ankakana kukwera lole asanamupeze. Pobwera ankamutengera Levison mbatata ya kachewere yophika, yokulunga m'kansalu kuti isazizire, ndipo iye ankataipa dzinalo iwo akuonerera pazenera. Makina ankayankha chimodzimodzi: palibe.

Lachisanu lina Levison anali atatopa, komanso chisoni chinamukwana.

"Mayi, ndafufuza kasanu ndi kawiri tsopano. Makinawa sanama. Musamadzivutitse ndi ulendo wonsewu, kwanu kukukudikirani."

Mayi Esitere anapinda kansalu kawo bwinobwino.

"Ndamva, bambo. Zikomo."

Lolemba kunabwera disiki yatsopano yochokera ku Lobi. Pulogalamu ija itafika pakatikati inatsamwa, n'kuima. Levison anatukwana mlembi wosadziwikayo, n'kutsegula mzere wolakwawo kuti aukonze pamanja. Unali wotere:

Marita Kenan (Ignasio, Jenifa, Hope (si wake, anamutola panjira, kwawo ankati Felista

Anauwerenga kawiri. Thukuta linamutuluka m'chisanu chonsecho.

Nanga iye samadziwa, munthu wokulira pamudzi? Mayi akatola mwana pothawa sanena pagulu kuti uyu ndi wotola. Amamutcha dzina lina, amamuwerengera pamodzi ndi ake, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zoona zake amachita kunong'oneza mlembi mwanayo akapita kotunga madzi, ndipo mlembi, mwaulemu womwewo, amazibisa m'kati mwa mabulaketi achiwiri. Zimene Levison ankataya miyezi isanu yonseyi, eti anali mayina enieni a ana otayika.

Sanapite kukadya tsiku limenelo. Anakaphunzitsa kapulogalamu kaja kuyenda chilembo ndi chilembo: bulaketi ikatsekuka kaziwonjezera chimodzi, ikatsekeka kazichotsa chimodzi, kuti nthawi zonse kazidziwa kuti kalowa mozama bwanji, ndipo mzere ukatha mlembi asanatseke, kazitsekera kokha. Magetsi anathima kawiri, iye n'kumangoyang'ana galasi lakuda, manja ali m'khwapa. Panalibe woti amuuze. Lachitatu masana anadutsitsamo madisiki onse kuyambira yoyamba, ndipo makina osindikizira anayamba kulira kwee, kwee, mpaka kutulutsa mayina a ana makumi anayi ndi atatu.

Wachisanu ndi chinayi anali mwana uja wa mayi Esitere. Banja la a Zikhalo, mudzi wina wa ku Mayani, mtsikana wotchedwa Chisomo: anamutola chaka cha 87, chipsera dzanja lamanzere, ankadzitchula kuti Alile. Mayani! Ulendo wa tsiku limodzi panjinga, ndipo banjalo linali lisananyamuke.

Levison anaseka yekha m'kachipindamo mpaka misozi. Komwe mayi Esitere ankakhala sankakudziwa, sanawafunsepo n'komwe. Iye ankangodziwa Lachisanu. Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la shati.

Lachisanu anafika mmamawa, n'kupukuta mame pabenchi ndi mkono wa juzi. Nkhungu inachoka paphiri. Dzuwa linafika pamutu. Munthu akamalowa pageti, mtima wa Levison unkati phwi, koma anali ogulitsa masamba ndi ofunsa ganyu.

Cha m'ma folo koloko lole inabwerako kumalire, ndipo anatsika a Alufeo, dalaivala wamkulu wa bungwelo, akudzikuntha fumbi.

"Achimwene, mukudikira amayi a mbatata aja? Ndinawawolotsa malire Lachitatu."

"Munawatsitsa kuti?"

"Aa, panjira penapake. Anangogogoda kuti imani, n'kulowera patchire ndi kamtolo kawo. Kumeneko midzi inapsa yonse, ndani akudziwa." A Alufeo anayamba kuchoka, kenako anatembenuka. "Ndikanaiwala. Anati ndikuthokozeni kwambiri. Akuti anthu onse ankangowanamiza kuti musataye mtima, inu nokha ndinu munawauza zoona."

Levison anakhala pansi pabenchi paja. Anatulutsa pepala lija, nalitambasula pabondo, mphepo n'kumalipindapinda m'makona.