Wopha Analapa, Nanga Wophedwa?

Ackim ndiye anapha Bonifasi, mwamuna wa Dorika. Anamutema ndi nkhwangwa m'nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza, dzuwa likuswa mtengo, atalimbirana sowo yochekera matabwa. Chinali chaka cha 1974. Patapita zaka ziwiri boma linamunyonga ku Zomba.

Bonifasi anaikidwa popanda wansembe, popanda kwaya, chifukwa ukwati wake ndi Dorika unali wosadalitsa. Ndiye kuti onse awiri sankalandira Ukaristia. Maina anali atalembetsa kale kuti adalitse, koma nkhwangwa inafulumira.

M'nyengo ya Lenti yotsatira kunyongedwako, Bambo Mfumu a pa mishoni ina kufupi ndi Lobi anabweretsa kanema. Misa itatha anatchinga mawindo a holo ndi mabulangete, pakhoma nayalapo nsalu yoyera. Dorika anaitanidwa kukakhala pa benchi ya kutsogolo, pambali pa a Jesinta, amake a Ackim. Anakhala. Sanafunse.

Kanemayo anali wa m'Chizungu, tsono akatekisiti, a Timoteyo, anaima chapambali ndi kamtengo kolozera, kumamasulira.

"Uyu ndiye wakupha. Apa ali m'ndende. Apa akulira."

"A Timoteyo!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Mzunguyo wayankhula mpaka thovu kukamwa, inu mawu awiri basi?"

"Zinazo n'zakwawo. Khalani chete, achimwene."

Anthu anaseka. Dorika ankangodikira kuti aone wophedwayo. Anamuonetsa kamodzi kokha, mapazi okha, atagona pansi. Mkazi wake sanaoneke n'komwe. Koma wakuphayo nkhope yake inadzaza khoma lonse. Analapa, anapsompsona mtanda, napita kuchingwe akupemphera. Amayi m'holomo anapukuta misozi ndi zitenje. A Jesinta ankalira mpaka benchi kugwedezeka. Dorika anangomva kuzizira kwa simenti kumapazi.

Mabulangete atachotsedwa, Bambo Mfumu anaima patsogolo pake.

"Amayi, Ackim naye analapa chomwechi. Anabatizidwa m'ndende, anafa atalandira. Ali m'manja mwa Ambuye. Inunso tsopano palibe chokuletsani. Mukhululukireni pamaso pa mpingo, Pasaka uno muyambe kulandira."

"Chondiletsa chinali a Bonifasi, eti?"

"Sindinatero, amayi."

"Ackim munamupatsa zaka ziwiri zolapira, ndi wansembe pambali. Amuna anga anawapatsa nthawi ndani? Anafa ndi tchimo lomwe munkatinenera lija. Ali kuti?"

"Chifundo cha Mulungu n'chachikulu."

"Za Ackim mwanena mosakayika. Nenaninso za a Bonifasi. Mukanena, ndigwada pompano."

Bambo Mfumu anayang'ana a Timoteyo. A Timoteyo anayang'ana kamtengo kawo. A Jesinta anagwira mkono wa Dorika, nati chapansipansi, "Mwana wanga, pepa." Dorika sanauchotse mkonowo. Anadikira. Kunja mbuzi inkalira.

Yankho silinabwere. Dorika anadzuka, namanga chitenje chake bwinobwino, natuluka. Pasaka anakhalira kumunda, kuthyola nyemba, belu likulira kutsidya. Mpaka lero sanalandire.

Tsono inu mukuwerenganu, inu odziwa Baibulo, amene mumalira mukaona wakupha akupsompsona mtanda, musamuuze Dorika za kuleza mtima, anazimva kale. Funso lake ndi limodzi. Bonifasi ali kuti? Muyankheni.