Chigubu Chomaliza cha Dizilo

Mgodi utagulitsidwa, a Obadiah Sakala anatsala okha ku damu ngati mbuzi yoiwalika pachingwe. Mphamvu zawo zonse anazithera pa kalabu ya maboti kuseri kwa Mindolo, kumene mabwana a mgodi ankabwera Loweruka kudzathamangitsa maboti, kuotcha nyama ndi kuseka mokweza. Koma mafuta atayamba kukwera mtengo mwezi ndi mwezi, kampani n'kuleka kudzadza thanki ya kalabu ulere, chikondi cha mabwana aja pa madzi chinazilala msanga. Kani ankakonda mafuta a eni, osati damu. Maboti ena anagulitsidwa, ena anangowolera pamtunda nkhuku n'kumaikiramo mazira. Panatsala boti lalikulu la kalabu, a Sakala, ndi chigubu chimodzi cha dizilo chimene ankachibisa pansi pa bedi.

Akazi awo anali atamwalira chaka chathacho. Anzawo a kum'mawa, amene ankakhala nawo benchi imodzi ku tchalitchi cha Reformed, anali atapakira katundu kubwerera ku Katete mmodzimmodzi. Kusungulumwa kunawadya a Sakala, tisabise. Masiku ena mawu okha amene ankatuluka pakamwa pawo anali moni wopita kwa mayi Damaris, mkazi wa m'komboni amene mwamuna wake anachotsedwa ntchito. Mayiyu ankabwera kudzawedza pa kagombe ka bango kufupi ndi nyumba ya a Sakala, poti chisiyireni maboti madzi anali atayera ndipo nsomba zinali zitabwerera.

Ndiye kunabwera uthenga kudzera mwa mkulu wa mpingo. Nelia, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa ku Lubuto ku Ndola, ankafuna kubwera ndi khanda lake kudzakhala nawo mpaka Khrisimasi itapita. A Sakala anali asanamuonepo mdzukuluyo. Koma uthengawo unali ndi mchira: Nelia ankaopa udzudzu wa ku damu, ndipo akaupeza wochuluka sagona.

Udzudzu unalipodi, wonenepa bwino. Kale mgodi unali ndi gulu la anthu oyenda ndi zigubu kumsana, kuthira mafuta m'madambo ndi m'zithaphwi kuti mphutsi za udzudzu zife. A Sakala anayambira ntchito m'gulu limenelo ali mnyamata, ndipo kwa iwo fungo la mafuta pamadzi linali fungo la malo osamalidwa. Gululo linatha limodzi ndi mgodi wakale.

Dizilo uja ankamusungira tsiku lalikulu, lodzayendetsa Nelia ndi mwana pa boti mpaka tsidya, ngati ana a mabwana. Wina sakanakwanitsa kumugula, pamtengo umene unalipowo. Anachiyang'ana chigubucho nthawi yaitali, kenako anati boti lidikire, mdzukulu ndiye woyamba. Kutatsala masiku owerengeka kuti alendo afike, anapalasa kabwato kawo kakale m'mbali mwa bango, akuthira dizilo pang'onopang'ono monga anaphunzitsidwira. Madzi anavala utawaleza. Mtima wawo unali mbee, mpaka anaimba nyimbo ya kutchalitchi.

Safunsa anadya phula. Kale mafuta ankathiridwa m'zithaphwi zopanda ntchito, anthu akumwa madzi a pampopi. Tsopano mpopi wa kalabu unali utauma kalekale, ndipo a Sakala eniakewo, pamodzi ndi theka la komboni, ankatunga pa kagombe komweko. Izi anazikumbukira m'mawa mwake ndowa ili kale m'manja.

Mphepo inali itakankhira mafuta onse kumtunda. Tinsomba tinali titagadama m'bango, mimba zoyera kumwamba. Mayi Damaris anaima pamenepo ndi mbedza ndi ndowa yawo, chitenje atatseka nacho mphuno.

"Ba Sakala, finshi mwacita? Mwachita chiyani apa?"

"Ni udzudzu, amayi. Mwana wanga abwera na kamwana."

"Nanga ife ana tilibe? Tizadya chani? Tizamwa chani?"

Sanadikire yankho. Anakweza ndowa yopanda kanthu pamutu n'kumapita, ndipo sanabwerenso.

A Sakala analowa m'madzi mpaka m'chiuno. Anayesa kuwola mafutawo ndi masaka, ndi udzu, ndi manja awo omwe. Anawola tsiku lonse, mawa lakenso chimodzimodzi, koma dizilo akagwira bango sachita manyazi. Anawalowa m'zikhadabo, m'ming'alu ya khungu, m'zovala zonse. Sopo anatha fungo lili pomwepo.

Nelia anafika Lachisanu dzuwa lili paliwombo, chikwama pamutu, mwana kumsana. Anagwada pakhomo kupereka moni, koma asanamalize anakwinya nkhope.

"Atate, chinunkha apa n'chani?"

Anamufotokozera zonse, maso ali pansi. Nelia sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayenda mpaka kugombe, anayang'ana, anabwerera, anasuzumira mumtsuko wa m'nyumba n'kuununkhiza.

"Manje mwana nizamusambika na chani? Matewera nizachapa kuti?"

"Nizapita kukatapa madzi ku Mindolo, mama. Nizayenda m'mawa na m'madzulo."

"Na miyendo yanu iyo? Awe, atate. Mvula ikachosa mafuta tizabwela."

Onse awiri ankadziwa kuti pofika nthawi imeneyo Nelia adzakhala atabwerera kuntchito yake ya m'sitolo. Anakhala pamthunzi wa boti lalikulu lija, akucheza za anthu a kumudzi, za denga lodontha, za china chilichonse. Kenako Nelia anamasula mwana kumsana n'kumutembenuza kuti agogo ake amuone. Kanali kamtsikana konenepa, ka mphumi yotakata. Anati dzina lake ndi Zipporah, dzina la malemu amayi ake a Nelia.

A Sakala anatambasula manja. Kamwanako kanayetsemula, kenako kanayamba kulira. Nelia anayang'ana manja aja, akuda m'mizere yonse, akunyezimira padzuwa, ndipo anakabweza pachifuwa pake.

"Pepani atate. Chifuwa chake sichili bwino. Mwina mukasamba."

Panalibe posamba. Analankhula mwaulemu, mwana wolangizidwa bwino, koma mawuwo anawabaya a Sakala kuposa mwano uliwonse umene anamvapo kwa mabwana.

A Sakala anawaperekeza mpaka kumsewu kuti apeze minibasi ya ku tauni kusanade. Chikwama sanachigwire, kuopa kuchipaka fungo. Ankayenda kumbuyo pang'ono, mbali imene mphepo inkalowera, manja atawabisa kumsana, akuyang'ana kachipewa ka mdzukulu wawo kakugwedera. Minibasi itaima, Nelia ananyamula kadzanja ka mwana n'kukagwedeza pawindo.

"Tsazika agogo, Zipporah."

A Sakala anangogwedeza mutu. Manja sanawatulutse mpaka galimoto itakhota.