Mtedza Wotentha

Lachiwiri pa 4 Marichi ndinaphika keke ya ufa wa mtedza, yopanda tirigu ngakhale supuni imodzi, n'kuisiya patebulo kuti izizire. Nditabwerako kuchipatala kumene ndinaperekeza mayi, keke ija panalibe. Kabuku kanga ka maphikidwe kanali kotsegula pa tsamba 17.

Alamu anga, akazi a achimwene, amene timaphikira nawo khitchini imodzi, anati analawitsa anzawo. Patapita sabata ndinamva zoona zake. Anapita nayo kwa mwini lesitilanti ya pamphambano n'kumuuza kuti ndi luso lawo. Bamboyo anaitanitsa makeke asanu ndi atatu a Loweruka pa 15, ndipo anati akakoma azitenga sabata iliyonse. Ine keke imeneyi ndinali nditaiyesa miyezi isanu ndi inayi kuti ndikagogode pakhomo lomwelo.

Sindinakangane nawo. Lachinayi ndinagaya ufa wanga makilogalamu atatu, ndinausefa, n'kuubisa m'chidebe kumbuyo kwenikweni kwa firiji.

Loweruka 6 koloko m'mawa alamu analowa atavala epuloni yatsopano, atanyamula mtedza makilogalamu anayi.

"Alamu, tandikazingirako mtedzawu," anatero.

"Si inu akatswiri?"

"Aaa, zokazingakazinga n'zazing'ono. Ine ndikusunga manja a keke."

Ndinaukazinga bwinobwino, mphindi khumi ndi ziwiri mu uvuni. Ndinafikisa kuti makoko achoke, n'kuwapatsa ukadali wootcha zala.

Pa tsamba 17 ndinalemba kuti "Gaya mphindi zitatu." Si bodza. Chimene sindinalembe ndi chimene manja anga amadziwa kale: mtedza uyambe wazizira ola lathunthu mufiriji, ndipo bulenda umaiyatsa masekondi asanu, kuzimitsa, kugwedeza, kuyatsanso, mpaka mphindi zitatuzo zikwane. Ukapanda kutero mafuta amatuluka.

Alamu anadina batani n'kumayang'ana nthawi pafoni. Mphindi yoyamba munali ufa. Yachiwiri unayamba kumata m'mbali. Yachitatu bulenda inabuula, ndipo m'katimo munali chiponde chonyezimira.

"Bulenda yanuyi yatha ntchito," anatero.

"Mwina. Yesaninso."

Anayesanso kasanu. Pofika 9 koloko makilogalamu onse anayi anali m'beseni, mafuta atayandama pamwamba. Achimwene analowa n'kuviikamo chala.

"Koma ndiye mwachithatu ichi! Buledi alipo?"

"Tulukani!" anakuwa akazi awo.

Mwini lesitilanti anaimba 9:20 kukumbutsa kuti makeke afike 4 koloko. Alamu anamuyankha kuti zonse zili m'chimake, kenaka anakhala pampando n'kugwira mutu.

"Chavuta n'chiyani, alamu? Ndatsatira zonse zolembedwazi."

"Zolembedwa ndi ndani?"



Ndinatulutsa chidebe chija n'kutsegula. Ufa unali wouma, wosalala, woyoyoka pasupuni. Atatambasula dzanja ndinabwezera chivundikiro.

"Muyambe mwaimba foni kulesitilanti. Muike pa sipika."

"Ndinene kuti chiyani?"

"Za pa 4 Marichi. Keke inali ya ndani, ndipo lero mwagaya chiyani."

"Achimwene anu akumva?"

"Aitaneni abwere pafupi. Buledi adya kenako."

Anaimba 9:41. Ananena zonse, achimwene ataima pakhomo mpeni wa buledi uli m'manja. Mwini lesitilanti anamvetsera osadula mawu, kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye makeke anga afika kapena ayi?"

Ndinatenga foniyo. "Afika 4 koloko, bambo. Ndibweretsa ndekha. Nambala ino muifufute, ndikupatsani yanga."

Ndinaphika awiriawiri. Alamu anafuna kundiswera mazira, ndinawauza kuti asunge manja. Makeke anafika 3:50, ndipo Lolemba bamboyo anaitanitsa ena khumi.

Chiponde chija tinadya miyezi iwiri ndi masiku anayi. M'mawa uliwonse ndinkachiika ndekha patebulo, kutsogolo kwa mpando wa alamu, supuni ili m'katimo.